Mutu 7: Ng'ombe Yakuda ndi Kabokosi ka Machesi

1. Magalimoto awiri pakhomo limodzi

Chilimwe cha chaka chimenecho chinatopetsa aliyense. Nyenje zinkayamba phokoso dzuwa lisanatuluke, ndipo pofika masana ngakhale agalu ankachita ulesi kuuwa. Pakhomo pa a Togashi kutopako kunali pawiri, kwa dzuwa ndi kwa maliro. Agogo Kinue anali atatisiya m'nyengo yozizira, ndipo tsopano inali itakwana Obon yawo yoyamba, mwambo wa chaka ndi chaka wolandira mizimu ya omwalira kunyumba.

Mwana aliyense kwathu kuno amadziwa zimene timachita pa 13 Ogasiti. Timapita kumanda, timayatsa kandulo, timamuika m'nyali ya pepala, n'kubwera nawo motowo kunyumba. Womwalira amatsatira moto umenewo. Ukazima panjira, ndiye kuti mlendo wanu mwamusiya pamsewu. Alipo amene amati ndi zachikale, koma sindinaonepo ngakhale mmodzi wa iwo akulola wake kuzima, makamaka chaka choyamba.

Ntchito yokatenga agogo Kinue inagwera mdzukulu wawo Minori, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo ake, a Noboru, anali kuntchito ku Nagoya ndipo tchuthi anawakaniza. Mayi ake, a Terumi, ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba mpaka faifi koloko. Agogo aamuna, a Tokuji, anali atakabweza okha laisensi yawo kupolisi atagunda mpanda wa anansi. Woyendetsa galimoto amene anatsala anali Minori, ndi laisensi yake ya miyezi inayi.

Pakhomopo panali magalimoto awiri osagwirizana, monganso eni ake.

Yoyamba inali ya agogo Tokuji, yakuda bii, yaitali, ya zaka makumi asanu. Anthu ankaitchula kuti Ng'ombe Yakuda. Mipando yake inali yofewa kuposa ya m'nyumba, ndipo chitseko chake chinkatsekeka ndi mawu aulemu, gudu! Petulo inkamwa mosadzimana. Chibwezereni laisensi, agogowo ankangoitsuka m'mawa uliwonse, kuiliza pang'ono, n'kuizimitsa.

Inayo inali kagalimoto ka mayi Terumi, koyera, kamakona anayi, ka nambala yachikasu ngati tinzake tonse tating'onoting'ono. Ukakasiya pasitolo unkachita kukasaka pakati pa ena makumi atatu ofanana nako. Agogo Tokuji ankakatchula kuti kabokosi ka machesi. Kanali katatha zaka zisanu ndi ziwiri pakhomopo, koma iwo anali asanaikemo phazi.

M'mawa wa tsikulo mayi Terumi anaitana mwana wawo pakhonde, uku akumanga nsapato.

"Minori, tamvera, mphamvu zobwereza ndilibe. Kiyi wa kagalimoto ali pambale apo. Ine ndipalasa njinga, sindifa. Zonse zofunika kumanda zili kale m'katimo: madzi akumwa, zofukiza, makandulo apadera. Iwe ungotenga nyali ndi agogo ako.

"Tsono agogo ako akuuza za Ng'ombe yawo. Akuuza kuti anatengeramo mkwatibwi. Ulira nawo, nanenso ndinalira nawo nditangokwatiwa pakhomo pano. Uwamvetsere mpaka amalize, usawadule mawu. Koma ukwere kagalimoto. Mwana wamakhalidwe sakana ndi pakamwa. Amangotsegula chitseko cha galimoto yoyenera n'kuima chete mpaka wamkulu alowe. Dzuwa ili lapha kale anthu awiri m'boma lino, ndipo agogo ako mtima wawo ukuudziwa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndamva wakoyo ndikumudziwa. Ndi yemwe uja unandiyankha tsiku limene unapsereza ketulo."

Anakwera njinga yawo n'kumapita, msana utanyowa kale ndi thukuta.

2. Hatchi ndi ng'ombe

Chakumasana kunabwera a Igarashi, makaniko wa m'tauni mwathu, atanyamula batire la Ng'ombe Yakuda kumbuyo kwa njinga yamoto. Agogo Tokuji anali atawatuma dzana kuti akalitchaje. A Igarashi analimangirira, n'kupukuta manja, kenaka anaona Minori akumata chizindikiro cha tsamba, chija amamata ongoyamba kumene kuyendetsa. Ankachimata pagalimoto yakudayo.

"Iwe mwana wa Noboru, tsamba limenelo ukumata pati?"

"Ndikungoyesa ngati likhala, a Igarashi."

"Kuyesa! Nanenso mowa ndinayamba ndi kuyesa."

Anakhala pansi pamthunzi n'kulandira tiyi wozizira amene Minori anawapatsa. Pakhomo la nyumba panali tinyama tiwiri timene timapanga pa Obon: hatchi ya nkhaka ndi ng'ombe ya biringanya, zonse za miyendo ya timitengo. A Igarashi analoza ndi chibwano.

"Wapanga ndiwe izi? Ndiye tandiuza, chifukwa chiyani timapanga ziwiri?"

"Hatchi ndi yoti abwere msanga. Ng'ombe ndi yoti abwerere pang'onopang'ono."

"Eya! Pokatenga munthu timatuma hatchi. Ng'ombe ndi yoperekezera. Makolo athu sanali opusa. Tsono tamvera, mwana wanga. Galimoto iyi ndaikonza zaka makumi atatu, ndimaikonda kuposa mkazi wanga, usakamuuze. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiwongolero chake n'cha munthu amene wakula akunyamula matumba a mpunga. Mabuleki ake umaponda lero, iyo n'kudzaima mawa. Choziziritsira mpweya ilibe. Ukatsegula mawindo moto uzima, ukatseka mupsa ngati mbatata.

"Agogo ako akuuza kuti msewu wa ku Kamisawa, kumudzi kuli manda kuja, anaukwera kambirimbiri. Sakunama. Koma kale unali wafumbi, m'mbali mwake muli udzu, ukaphonya unkangoseka n'kubwerera. Lero anamanga ngalande za simenti mbali zonse ziwiri. Msewu umenewo tsopano ndi wa timagalimoto ta nambala yachikasu. Kabokosi ka amayi akoko si kokongola, ine sindikukana. Palibe amene adzakajambule chithunzi. Koma kamatembenuka pamalo poyanika mphasa imodzi, ndipo kakagwera m'ngalande amuna anayi amakanyamula ngati tebulo. Iyi ikagwa, kaitaneni mfumu ya dziko."

Minori anawerama n'kuthokoza. Tsamba lija sanalimatule.

Tinene zoona: mtsikanayu ankaikonda Ng'ombe Yakuda kuyambira ali wamng'ono. Anzake onse anaphunzira galimoto zosintha zokha magiya, iye yekha anasankha yosintha ndi dzanja, n'kulephera mayeso kawiri, chifukwa cha galimoto imeneyi. Anzakewo ankamuseka. Tsiku loti asiye kumuseka linali limeneli.

3. Makiyi awiri

Itakwana hafu pasiti fili, agogo Tokuji anatuluka atavala malaya oyera ndi tayi wakuda. Anali ataonda chimwalirireni akazi awo, moti khosi linkasambira m'kolala. Dzanja limodzi linagwira nyali, linalo magolovesi oyera.

Minori anali ataima pakati pa magalimoto awiriwo, kiyi wa mayi ake ali m'thumba.

"Agogo, amayi anati tikwere kagalimoto."

"Amayi ako ndi munthu wabwino, koma anabadwa dzulo," anatero agogowo. "Ine ndinakagwira ntchito yokumba misewu ku Tokyo nyengo zozizira zisanu kuti ndigule galimoto iyi. Zala izi zinkachita kung'ambika. Nditaigula ndinakwera nayo ku Kamisawa kukatenga agogo ako. Mudzi wonse unatuluka. Ana ankathamangira m'mbuyo, amayi achikulire ankaigwira ngati yamoyo. Agogo ako anakhala kumbuyoku atavala zoyera, osayankhula njira yonse, koma pagalasi ndinkawaona akumwetulira.

"Ndipo ankailemekeza galimoto imeneyi mpaka tsiku lomaliza. Ngakhale popita kuchipatala ankakana kuti ndiwatengeremo. Ankati, 'Isiyeni, bambo ake Noboru, ingade ndi matope.' Munthu wotero ndikamutenge lero m'kabokosi ka machesi? Ulendo wake woyamba wobwera kwawo? Anthu adzati Tokuji wakalamba mpaka ulemu wamuthera."

Anatambasula dzanja n'kumupatsa magolovesi aja. M'kati mwake munali kiyi.

Minori anayang'ana kagalimoto koyera. Kunali kungotsegula chitseko n'kuima chete, monga anamuuzira mayi ake. Anayang'ananso agogo ake, maso awo atadzaza misozi. Kenaka anayang'ana Ng'ombe Yakuda ikunyezimira padzuwa.

Anavala magolovesi.

Madzi akumwa, zofukiza ndi makandulo apadera zinatsala m'kagalimoto, ndipo palibe amene anazikumbukira.

4. Ku Kamisawa

Ulendo wopita unakoma, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu. M'tauni aliyense ankatembenuka. Pamalo omwetsera mafuta anyamata awiri amene Minori anaphunzira nawo sukulu anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula. Minori sanawayang'ane, koma anawaona bwinobwino.

"Giya yachitatu tsopano," ankatero agogo kumbuyo. "Osaikakamiza, uzichita kuipempha."

Atadutsa mlatho msewu unayamba kukwera ndi kuchepa. Uku ndi uku kunali minda ya mpunga, yobiriwira, itangoyamba kutulutsa ngala. M'mbali mwa msewu madzi ankayenda m'ngalande za simenti. Minori anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mapewa akuwawa. Mwamwayi sanakumane ndi galimoto ina iliyonse.

Ku Kamisawa kunatsala nyumba zinayi zokha zokhala anthu, koma tsiku limenelo kumanda kunali piringupiringu. Timagalimoto toyera tinali titandandalika m'mbali mwa njira. Ng'ombe Yakuda inadya malo a tiwiri.

Anazula udzu pamanda, natsuka mwala ndi madzi a pampopi. Pofuna zofukiza, Minori anagwira pakamwa.

"Agogo, thumba lija latsala m'kagalimoto."

"Zilibe kanthu. Machesi ndili nawo, kandulo ali m'nyalimu."

Kanduloyo anali wotsala chaka chatha, wamfupi ngati chala chachikulu. Agogo anamuyatsa, naimirira pang'onopang'ono, nayankhula ndi mwala uja ngati mmene ankayankhulira pakhomo.

"Make Noboru, tabwera kudzakutengani. Nyamukani, kunyumba kuli mavwende."

Anayenda patsogolo ndi nyali, Minori pambuyo. Atafika pagalimoto anatsegula chitseko chakumbuyo, nawerama, nadikira kanthawi kuti wolowa alowe. Kenaka analowa nawonso, nyali ili pamiyendo.

"Tseka mawindo onse," anatero. "Mphepo ingatizimitsire."

5. Ngalande

A Igarashi sananame. Pasanathe mphindi zisanu m'galimotomo munali ngati mu uvuni. Thukuta linkalowa m'maso mwa Minori, ndipo magolovesi ananyowa. Pagalasi ankaona agogo ake akupuma ndi pakamwa.

"Nditsegule pang'ono, agogo?"

"Yendetsa."

Pakona yachitatu anakumana ndi kalole koyera kakukwera. Woyendetsa anali a Sugawara, mlimi wa mpunga amenenso ankayang'anira madzi a m'ngalande za dera lonselo. Anaima, nasuzumira pawindo, nakweza dzanja kuti adutse. Anali atafinyikira kumbali mpaka kalole kawo katatsala pang'ono kukhudza mpunga.

Kabokosi ka machesi kakanadutsa pamenepo kakuimba nyimbo. Koma mphuno ya Ng'ombe Yakuda inali yaitali, ndipo tayala lakumanzere Minori sankadziwa pamene lili. Anapotoza chiwongolero, chinakana. Anapotozanso ndi mphamvu zake zonse, chinavomera mopitirira. Anaponda buleki, galimoto inapitirirabe pang'ono ngati ikuganiza kaye.

Khooo! Gwede!

Tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande, mimba ya galimoto inakhala pasimenti, injini n'kuzima.

"Agogo! Mwapweteka?"

Agogowo anali atapendekera kuchitseko, chigongono chitasupuka, koma nyali anali ataikweza m'mwamba ndi manja awiri. Moto unavina, unawerama, kenaka unaimanso.

"Sanagwe," anatero. "Agogo ako sanagwe."

A Sugawara anatsika akukanda m'mutu. Posakhalitsa anthu ochokera kumanda anayamba kuima kumbuyo, poti msewu unali utatsekeka. Amene anali ndi nyali zawo anangodutsa wapansi m'mizere ya minda. Amuna asanu ndi mmodzi anavula nsapato n'kulowa m'ngalande.

"Tiyeni, pamodzi! Imodzi, ziwiri, hii!"

Ng'ombe Yakuda sinasunthe n'komwe.

"A Tokuji, mumaidyetsa chiyani imeneyi?" anafunsa wina akugwira msana.

"Chitsulo chenicheni chimenecho," anayankha agogo ali pamthunzi wa galimoto yawo. "Osati zitini za masiku anozi."

"Chitsulo chenicheni chikagone m'ngalande momwemo. Zitini zathuzi zikagona kunyumba."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu otopa. Anayesanso kawiri, nalephera. A Sugawara anaimbira a Igarashi, ndipo yankho linali lakuti galimoto yokokera inzake ili ku Sakata, ibwera mawa m'mawa.

Minori anasuzumira m'nyali. Kandulo uja anali atafika theka la mmene analili. Kunyumba kunali makilomita asanu ndi anayi. Anayenda galimoto ndi galimoto kupempha kandulo, koma aliyense anali atayatsa wake kapena kumusiya pamanda. Mayi wina anapatsa agogo madzi a m'botolo. Mnyamata wina anati awatenge pa kagalimoto kake podzera njira yakuseri.

"Zikomo, mwana wanga," anatero agogo, "koma mkazi wanga sakwera kabokosi. Tidikira."

"Mudikira chiyani, agogo?" anafunsa Minori. "Yokokera ibwera mawa!"

Agogo anangokumbatira nyali ija. Nkhope yawo inali itayamba kutuwa.

Minori anatulutsa foni.

"Usawaimbire amayi ako," anatero agogo. "Ukufuna andiseke mpongozi wanga?"

Minori anaima ndi foni m'manja. Ankadziwa kuti akaimba, wonyozeka woyamba akhala iye. Anavula magolovesi oyera aja, nawaika padenga la galimoto, naimba.

"Amayi, sindinakumvereni. Ndatenga Ng'ombe, ndaigwetsera m'ngalande pakona ya minda ya a Sugawara. Agogo afooka, ndipo kandulo akutha."

Kumbali inayo kunamveka mpweya wautali.

"Uwakhazike pamthunzi. Uwamasule tayi. Ndikubwera."

6. Chitini cha agogo Kinue

Anadikira mphindi makumi anayi. Minori anagwada pambali pa agogo ake, akuwakupiza ndi chipewa, maso ali panyali. Moto unali utayamba kuchita buluu m'munsi, chingwe chake chikusambira m'phula losungunuka.

Kenaka kumunsi kunaoneka kanthu koyera kakukwera phiri mosavutika. Kanafika, kanatembenukira pakanjira kolowera m'munda kamodzi n'kamodzi, n'kuima. Mayi Terumi anatsika ali ndi yunifolomu yawo yakuntchito. Iwo sanamuyang'ane Minori n'komwe.

Thumba la makandulo linali kumbuyo kwenikweni, pansi pa katundu. Iwo sanataye nthawi kulifufuza. Anatsegula kabati kakang'ono ka kutsogolo n'kutulutsa chitini chakale cha mabisiketi. M'katimo munali maswiti a timbewu tonunkhira, mpango wopindidwa bwino, ndi makandulo atatu omangidwa ndi ulusi wofiira.

Anagwada, natsegula nyali, nayatsa kandulo watsopano pamoto wa wakaleyo. Watsopanoyo atangogwira, wakale uja anazima yekha.

Agogo Tokuji sankayang'ana moto. Ankayang'ana chitini.

"Chitini ichi n'cha make Noboru. Ndachisaka nyumba yonse. Chikutani m'menemo?"

"Ndi mmene chimakhala, bambo," anayankha mayi Terumi. "Dzukani, mulowe, muzizidwe."

Anakankha chitseko chakumbuyo, chija chotsegukira cham'mbali. Mpweya wozizira unatuluka. Pampando panali khushoni yaying'ono yosokedwa ndi zigamba za nsalu yabuluu. Agogo anaizindikira nthawi yomweyo, poti zigambazo zinali za malaya awo akale a ntchito. Pakati pake panali pobooka pang'ono, pamene munthu anakhalapo zaka zambiri.

"Lachiwiri lililonse, zaka zisanu ndi chimodzi," anatero mayi Terumi. "Kuchipatala, pobwerera kumsika, nthawi zina kunyanja kukangoyang'ana madzi. Malo awo anali amenewo. Sindinathe kuichotsa."

"Koma ankati galimoto yanga ingade ndi matope."

Mayi Terumi anapukuta nkhope ndi dzanja. Anali otopa kwambiri moti sakanatha kusankha mawu ofewa.

"Bambo, mawondo awo anali atatha. Mpando wa galimoto yanu uli pansi kwambiri, akakhala sankatha kudzuka. Chitseko chinkawalemera, fungo la petulo linkawachititsa nseru. Muno ankangolowa choimirira n'kukhala ngati pampando wa m'khitchini. Ankakatchula kuti kahatchi kanga."

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero agogo. "Osandiuza?"

"Ndinawafunsapo. Anati, 'Akadziwa asiya kuitsuka. Ndiye m'mawa azidzukira chiyani?'"

Amuna amene anali pafupi anayamba kuyang'ana kumbali, wina kumapiri, wina kunsapato zake. Minori analira poyera, osabisa.

Agogo Tokuji anaimirira, Minori atawagwira mkono. Anayang'ana Ng'ombe Yakuda itapendekeka m'ngalande, tayala limodzi lili m'mwamba. Kenaka anafika pachitseko cha kagalimoto, nawerama monga anachitira kumanda kuja, koma ulendo uno anawerama nthawi yaitali.

"Pepani, make Noboru. Ndakupsetsani ndi dzuwa. Lowani, mukhale pamalo panu."

Anadikira. Kenaka anazungulira mbali inayo n'kulowa m'kabokosi ka machesi koyamba m'moyo wawo, nyali ataigwirira pamwamba pa khushoni.

Mayi Terumi anamatula tsamba lija pa Ng'ombe Yakuda, nalimata pa kagalimoto, n'kumuponyera Minori kiyi.

"Amayi, ine? Pambuyo pa zimenezi?"

"Unatumidwa kukatenga agogo ako. Sunawafikitse. Ine miyendo yatha ndi njinga."

Minori anayendetsa pang'onopang'ono. Chiwongolero chinkamvera ngakhale chala chimodzi, ndipo msewu umene unali wochepa uja tsopano unali wokwanira. Palibe amene anawajambula. Pamlatho agogo anatsegula chitini, natenga switi imodzi, naiika pakhushoni.

7. Botolo la a Sugawara

Anafika dzuwa likulowa. Agogo anatsika ndi nyali, nadutsa pakati pa hatchi ya nkhaka ndi ng'ombe ya biringanya, nakayatsa kandulo wa paguwa la m'nyumba lokumbukirapo makolo. Moto wa ku Kamisawa unafika osazima. Agogo Kinue anali kwawo.

Minori anagwada pamaso pa mayi ake kukhitchini, nagunditsa mphumi pansi.

"Dzuka," anatero mayi Terumi. "Kukukalipira ndikufuna, koma mphamvu ndilibe. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ako agonera m'ngalande. Chimodzi chokha ndikuuze. Unalakwa posankha galimoto, koma unachita bwino poimba foni. Ukanachita manyazi mphindi khumi zina, lero tikanakatenga munthu mmodzi kumanda n'kukasiyako wina. Kadule vwende."

Vwende lisanafike patebulo, belu la pakhomo linalira.

Anali a Sugawara. Anakana kulowa, ndipo nsapato zawo zamatope sanavule. M'manja anali ndi botolo lagalasi lodzaza madzi. Analikweza pafupi ndi getsi la pakhonde. Pamwamba pa madziwo pankayandama mafuta akuda, onyezimira mitundumitundu.

"Pepani kukusokonezani tsiku ngati lalero," anatero. "Galimoto ija yabooka kumimba. Oyilo wakhala akudontha chigwereni. Ndatseka madzi, ndaika matumba, koma oyilo wina wapita kale. Ngalande imeneyo imathirira minda ya mabanja khumi ndi anayi, ndipo mpunga uli pa ngala. Mawa sikisi koloko m'mawa eni minda akumana. Akufuna kumva kuchokera kwa amene anali pachiwongolero."

Mayi Terumi anatsamira khoma n'kutseka maso.

Agogo Tokuji anatulukira kumbuyo kwawo, chigongono chitamangidwa nsalu.

"Woyendetsa ndinali ine, a Sugawara. Mukawauze choncho. Mwanayu ali ndi moyo wonse m'tauni muno, asayambe ndi dzina loipa."

"A Tokuji, inu laisensi munabweza. Mukanena zimenezo, nkhani ichoka kwa alimi ipita kupolisi."

"Ndikudziwa."

A Sugawara anaika botolo lija pansi, pafupi ndi ng'ombe ya biringanya.

"Ine maso ndili nawo, ndipo ndinaona zimene ndinaona. Ena aja anafika galimoto itagwa kale. Sindidzatsutsa munthu wamkulu pagulu. Mawa ndidzangomvera zimene banja lino lidzanene."

Atatero anatembenuka kuyang'ana Minori. Mayi ake nawonso anatsegula maso n'kumuyang'ana. Mtsikanayo anali ataima pakhomo la khitchini, mbale ya vwende ili m'manja, akudziwa kuti onse akudikira yankho lake.